Mmene Sitovu ya a Chidakali Inapumira pa Ntchito

Dzina lawo lenileni linali pa laisensi ndi pa chiphaso cha ukwati basi. Kwina konseko, kuyambira ku depoti ya mabasi mpaka kwa wometa tsitsi, ankadziwika kuti a Chidakali. Dzinali analipata ali dalaivala wa mabasi a maulendo ataliatali. Makaniko akati, "Adala, tayala ili latha," iwo ankaligogoda ndi chala, kutchera khutu ngati dokotala, n'kuyankha kuti, "Lidakali." Akati mpando wa dalaivala watulutsa masipuling'i, iwo ankayalapo katoni n'kukhalapo bwinobwino. "Udakali." Chilichonse kwa iwo chidakali, ndipo dzinalo linawakanirira ngati girisi pa ovolosi.

Kunena zoona, basi yawo sinkagona panjira. Inkafika mochedwa, ikutsokomola, nthawi zina okwera atatsikapo kukankha, koma inkafika. Pansi pa mpando wawo sipankasowa waya, mphira ndi pulayazi ya zogwirira zofiira. Kampani itagulitsa basi ija kwa ophwanya zitsulo, a Chidakali anadwala mutu sabata yonse. Patapita nthawi pang'ono nawonso anawapumitsa pa ntchito, anawapatsa wotchi yapakhoma, ndipo anabwerera kunyumba ndi pulayazi yawo m'thumba.

Akazi awo anawapeza ku depoti komweko, akugulitsa matikiti pawindo. Mayiwo sanagwirepo ntchito m'basi, koma amuna awo ankawatchula kuti Kondakitala, ati chifukwa pakhomo ndiwo ankanena poima ndi ponyamuka. Iwo ankabwezera kuti Adalaivala, ndipo kamvekedwe ka mawuwo ndi kamene kankasonyeza ngati zinthu zili bwino kapena ayi.

Katundu wa m'nyumba mwawo anabwera mmodzimmodzi, pa zaka zonse za ntchito. Firiji inalowa chaka chimene kunabadwa mwana wawo woyamba, mtsikana amene tsopano anali nesi wa ana akeake. Sitovu inabwera a Chidakali atakwezedwa kuyamba kuyendetsa basi yaikulu. Simbi ya magetsi inali mphatso ya paukwati. Zonsezi zinali zitatopa, koma panalibe chimene chinaloledwa kufa. Ndiye chifukwa chake mlendo akafika pakhomopo, asanalandire ndi madzi akumwa omwe, ankayamba walandira malangizo.

Chitseko cha firiji sichinkatsekeka chokha, chinkamangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Ikayamba kulira inkanjenjemera mpaka makapu amene anali pamwamba pake ankayenda okha kulowera kumphepete. Ikangoti zii, munthu ankayenera kuimenya kumanzere, chapansi pang'ono.

"Osati mwankhanza," ankatero a Chidakali. "Simukumenyana nayo. Mukuidzutsa."

Sitovu inali ya mapuleti anayi. Awiri anatsogola kalekale. Limodzi linkadziwa moto umodzi wokha, wonyeketsa mazira munthu asanapeze mchere. Linalo linkangofunda ngati dzuwa la m'mawa, moti madzi a tiyi ukawaikapo unkatha kusesa nyumba yonse, kusamba, kubwera n'kuwapeza akuganizabe. Zoyatsira zake zinathothoka zonse, ndipo pulayazi yofiira ija ndi imene inkagwira ntchitoyo. Uvuni unasanduka mosungira mapoto ndi manyuzipepala akale.

Mpopi wa kukhitchini unali womangidwa mphira pakhosi ngati wodwala chimfine, ndipo pansi pa sinki panali ndowa yolandira madontho. Koma malangizo aakulu anali a kuchimbudzi. Zogwirira za chitseko zinachoka mbali zonse, kunangotsala bowo. M'kati, pa msomali, pankalendewera supuni ya tiyi. Munthu akamaliza ankalowetsa mchira wa supuniyo pabowo, kupotoza, chitseko n'kutseguka. Thanki ya madzi inkatsamira khoma mothandizidwa ndi waya komanso chidutswa cha mtengo wa tsache, ndipo pogwetsa madzi ankakoka chingwe cha nsapato.

"Bambo, tikugulireni sitovu ina," ankatero mwana wawo nesi uja nthawi iliyonse akabwera.

"Iyi yalakwa chiyani?"

"Yakalamba, bambo."

"Kukalamba ndi mlandu? Sitovu imeneyi inakuphikira phala iwe. Zamasiku anozi n'zamalata, ukangoyetsemulira pafupi zapindika."

Nesi ankayang'ana amayi ake kuti amuthandize. Akondakitala ankangopukusa mutu akupukuta mbale.

"Adalaivala, nyumba ino tsiku lina idzatitsitsa panjira."

"Sinatitsitsepo," ankayankha a Chidakali, akusisita firiji pamsana.

Tsikulo linafika Loweruka lina masana, nesi atabwera ndi mwamuna wake kudzadya nawo. Mkamwiniyo ankagwira ntchito mu ofesi ya inshuwalansi. Anali wamtali, wofatsa, waulemu wopitirira muyeso, munthu woti akagunda mpando ankaupepesa. Ngakhale anali atabwera pakhomopo kambirimbiri, anali asanalowepo m'chimbudzi cha apongozi ake. Ankachita manyazi, ankapirira mpaka kwawo. Choncho malangizo a supuni anali asanawamvepo. Koma tsikulo kunatentha, ndipo apongozi ake aakazi ankangomuthirira madzi a zipatso, iye osatha kukana.

Chimene enawo sankadziwa n'chakuti nesi, atangofika, analowa m'chimbudzimo ndi burashi ndi mankhwala, monga mwa chizolowezi cha kuchipatala. Ataona supuni ili lende pamsomali anaiwala za ubwana wake, anachita nayo nyansi, n'kukaiponya m'bini panja.

Mkamwini anadzuka mwakachetechete, analowa, anatseka chitseko. Chinati khethe.

Mpunga unafika patebulo, nkhuku inafika, anthu anasamba m'manja. Mpando wa mkamwini unali wopanda munthu, foni yake ili pambali pa mbale.

"Kodi apongozi alowera kuti?" anafunsa Akondakitala.

"Musamuwerengere munthu nthawi," anatero a Chidakali. "Aliyense ali ndi liwiro lake."

Anadikira. Firiji inali pakati pa nyimbo yake, makapu akuvina. Msuzi unayamba kugwirana pamwamba. Nesi anayang'ana wotchi yapakhoma, anayang'ana amayi ake. Kenaka firiji inati zii, ndipo m'kachetechetemo munamveka kamawu kochokera kumapeto kwa khonde la m'kati.

"Odi. Odi kunjako."

Anathamangira komweko onse atatu.

"Mwakhala mukugogoda?" anafunsa nesi.

"Pang'onopang'ono," anayankha mwamuna wake kuseri kwa chitseko. "Sindinafune kusokoneza chakudya."

"Mwana wanga, osadandaula," anatero a Chidakali. "Tenga supuni ili pamsomalipo."

"Pali msomali wokha, bambo."

Nesi anagwira pakamwa. A Chidakali anamuyang'ana n'kupita kukhitchini kukatenga supuni ina. Anailowetsa pabowo ndi ulemu wonse, anapotoza. M'kati mwa loko munamveka kuti thyo, ndipo supuni inayamba kuzungulira yokha popanda chogwira.

"Lafa," anatero Akondakitala.

"Silinafe. Lakwiya. Linazolowera supuni yake."

Anathira mafuta ophikira pabowo. Anayesa mpeni, anayesa waya wopachikira zovala. Thukuta linayamba kutsika m'khosi. Ataona kuti mahinji ali m'kati, anazungulira panja n'kumupatsira mkamwini pulayazi yofiira ija kudzera pa kawindo kam'mwamba, ati azule misomali ya mahinjiwo. Koma mahinji anali atadya utoto wa zaka zonse za nyumbayo, sanasunthe.

"Tingothyola," anatero nesi.

"Chitseko ichi? Matabwa amenewa simungawapezenso!"

Mkamwini anamva kuwawidwa mtima m'mawu a apongozi ake, ndipo ulemu unamupweteketsa.

"Bambo, musathyole. Ndiyesa kutulukira pawindo."

"Usaponde pa..." anayamba a Chidakali.

Anachedwa. Kunamveka kulira kwa waya, kuthyoka kwa mtengo wa tsache, kenaka chiphokoso ngati kabati ya mbale yagwa. Paipi inathothoka kukhoma. Madzi anayamba kutuluka pansi pa chitseko, poyamba mwaulemu, kenaka mwaufulu, kulowera kuchipinda chochezera.

"Katsekeni madzi panja!" anakuwa Akondakitala.

A Chidakali anathamangira ku mita. Atafika anakumbukira kuti chotsekera chake chinathyoka chaka chimene kunagwa mtengo kuseri kwa nyumba, ndipo chinkatsekedwa ndi pulayazi. Pulayazi inali m'chimbudzi, pansi pa madzi. Atakweza maso anaona mutu wa mkamwini ndi mkono umodzi zili kunja kwa kawindo, mapewa atakana kutsatira.

"Pepani, bambo," unatero mutuwo.

Apa m'pamene Akondakitala anatopa nazo. Analowa kuchipinda, anatuluka ndi hamala, anauza mwana wawo kuti apatuke. Anamenya pa loko kawiri. Kachitatu chitseko chinatseguka chokha, madzi n'kuwakhuthukira m'miyendo. Anamukoka mkamwini miyendo mpaka anatsika, anapisa dzanja m'madzi, anatola pulayazi n'kukawapatsira amuna awo pawindo popanda kuwayang'ana kumaso.

Madzi atatsekedwa, onse anaima m'khonde, mapazi ali m'chithaphwi. Mkamwini anali atanyowa kuyambira tayi mpaka masokosi, chingwe cha nsapato chija chili paphewa.

"Bambo, ndakuonongerani thanki. Ndikhululukireni."

A Chidakali anayang'ana zidutswa zimene zinali mbwee pansi.

"Inali ndi zaka zina kutsogoloku," anatero motsitsa mawu.

Akondakitala anayamba kuseka. Anaseka atagwira khoma, anaseka mpaka misozi, mpaka nesi anawagwira mkono poopa kuti agwa. Atamaliza anapukuta m'maso ndi nsonga ya epuloni, analowa kuchipinda, ndipo anatuluka ndi chikwama.

"Ndikukapuma kwa mwana wanga. Basi yanuyi yendetsani nokha, Adalaivala. Ine ndatsika."

A Chidakali anaganiza kuti ndi nthabwala mpaka galimoto ya mkamwini inakhota pakona.

Sanade nkhawa kwenikweni. Munthu amene anayendetsa basi yodzaza m'misewu yamatope angalephere nyumba ya zipinda zitatu? Anakolopa, anayanika makapeti padzuwa, anaitana pulambala. Pulambalayo anayang'ana zidutswa za thanki, anamva maganizo a a Chidakali oti azimate ndi simenti, ndipo anayamba kulongedza zida zake. Anagwirizana za thanki yatsopano pokhapokha pulambala atafika kale pageti.

Mavuto enieni anayamba m'mawa mwake. Atalowa kukhitchini anapeza ndowa ya pansi pa sinki itasefukira, madzi atafika pakhomo. Iwo ankaganiza kuti ndowayo imadzaza pa sabata. Sankadziwa kuti imadzaza m'mawa ndi madzulo, ndipo kuti pali munthu amene ankaitaya iwo asanadzuke. Pansi pa firiji panalinso kadziwe kena, ndipo kuseri kwake anapezako chisanza chokulungidwa bwino chimene anali asanachionepo. Masana anapita kukacheza kwa wometa tsitsi, pobwera anapeza firiji itagona, mkaka utasasa, nyama ikununkha. Anaidzutsa. Isanakwane nthawi ya tiyi inagonanso. Anazindikira kuti kumenya kumodzi patsiku kumene iwo ankachita monyadira alendo akuona kunali kochepa. Kwinako ankamenya ndi Akondakitala, podutsa, ndi chidendene, manja ali ndi mbale.

Simbi inawaotchera shati yoyera, inasiya chizindikiro chake pamsana ngati chidindo. Anaivala choncho, ndi jekete pamwamba, kunja kukutentha.

Ndiye kunabwera nkhani ya mazira. Linali tsiku la mvula, pansi pa khitchini pali chinyezi, iwo ali chosavala nsapato. Anayatsa puleti laukali lija ndi pulayazi, anaikapo chiwaya, anaswa mazira. Atagwira chogwirira cha chiwayacho, china chake chinawaluma kuyambira m'zala, kudutsa m'chigongono, mpaka m'mano. Anakuwa mawu amene anali asanawatchule chichokereni ku depoti. Chiwaya chinapita kwake, iwo kwawo, n'kupezeka akhala pansi atatsamira kabati.

Ali pansi pomwepo, maso awo anagwera kuseri kwa chitseko. Panali nsapato za mphira zakuda, zokhuthala, zokhala ngati za ogwira ntchito m'galaja. Akazi awo ankazivala nthawi zonse akamaphika, ngakhale kutenthe bwanji. Iwo ankawaseka nazo. Ankati, "Kondakitala, mukupita kukazima moto kuti?" Pa msomali pamwamba pake panali kansalu kouma kamene mayiwo ankagwirira mapoto, ngakhale poto wozizira.

A Chidakali anakhala pansipo mpaka mazira anazizira pa simenti. Kenaka anadzuka, anazimitsa magetsi a nyumba yonse, anavala jekete n'kupita kokwerera minibasi.

Anawapeza akazi awo atakhala pakhonde kwa nesi, miyendo ili pa kampando, akusenda lalanje. Ankaoneka ngati munthu amene wagona tulo tabwino. Anapatsana moni ngati anthu odziwana patali. A Chidakali anakhala, anafunsa za adzukulu, anayamikira maluwa, anadandaula za kayendetsedwe ka madalaivala a masiku ano. Kenaka anakonza kukhosi.

"Ndakhala ndikuganiza. Sitovu ija yagwira ntchito mokwanira. Ndaona kuti ndi bwino ipume."

"Mwaganiza nokha?"

"Tinakambirana."

Akondakitala anayang'ana dzanja limene amuna awo ankalisisita.

"Yakupatsani moni?"

"Yandigwira chanza."

"Ine imandipatsa moni sabata iliyonse. Nyengo ya mvula, tsiku lililonse."

"Bwanji simunanene?"

"Ndinanena. Munati ndi nyamakazi."

A Chidakali anayang'ana pansi.  Anangotambasula dzanja, ndipo akazi awo anaikapo theka la lalanje.

"Ndi firiji yomwe," anatero mayiwo.

"Firiji idaka..."

"Adalaivala."

"Ndi firiji yomwe."

"Mpopi. Simbi. Chitseko."

"Mukufuna kundisiyira chiyani m'nyumbamo?"

"Wotchi. Ndi ine."

Kusitolo anapita onse anayi, chifukwa nesi ndi mwamuna wake anaumirira kuti athandizepo, ndiponso nesi sankakhulupirira kuti bambo ake akafikadi. Wogulitsa anali mayi wachitsikana wa yunifolomu yabuluu, amene anawalandira ndi kumwetulira kosadziwa zimene zikubwera. A Chidakali anayendera mafiriji ngati akuyendera mabasi m'mawa ku depoti. Anagogoda m'mbali, anasuzumira kumbuyo, anagwada kuona kunsi. Anatsegula chitseko cha ina n'kuchisiya, chinatsekeka chokha. Anatsegulanso, chinatsekekanso. Anabwereza mpaka akazi awo anawakoka jekete.

"Nanga ikagona, mumaimenya mbali iti?" anafunsa.

"Simuimenya, bambo. Mumatiimbira foni."

"Ndiye mumabwera kudzaimenya inuyo?"

Wogulitsa anayang'ana nesi. Nesi anali akuwerenga mwachidwi chikwangwani cha pakhoma.

"Imeneyi yayaka?" anafunsanso a Chidakali, khutu lili pa firiji.

"Yayaka, bambo."

"Bwanji sikulira?"

"Sizilira."

"Ndiye munthu amadziwa bwanji kuti ili moyo?"

Pamene iwo ankavutitsa wogulitsa, Akondakitala anali atasankha kale sitovu, atatembenuza zoyatsira zake zonse ndi zala ziwiri, mobwerezabwereza, nkhope ili ngwee. Mkamwini anafunsa mwaulemu ngati m'sitolomo muli maloko a zitseko, ndipo anasankha yekha lolimba, la zogwirira mbali zonse, analiyesa kangapo asanalipereke.

Zakale zija anabwera kudzatenga ndi wogula zitsulo, bambo wa ngolo yokankha amene ankadutsa mumsewu wawo akukuwa. A Chidakali anamuuza mbiri ya sitovu yonse, chaka chimene inabwera, maphwando amene inaphikira, alendo amene inadyetsa. Wogula zitsuloyo anamvetsera mwaulemu, anainyamula mbali imodzi kuti amve kulemera kwake, n'kunena kuti zakalezi ndiye zabwino, zili ndi chitsulo chenicheni.

"Mwamva?" anatero a Chidakali, akutembenukira kwa akazi awo. "Mwamva zimene akunena akatswiri?"

"Ndamva. Ikwezeni."

Asanainyamule firiji, a Chidakali anamasula mphira uja, anaupinda n'kuuika m'thumba. Anazulanso timashelefu tiwiri ndi babu la m'kati, ati zidzagwira ntchito. Kenaka anagwira pulagi, anaima kaye pang'ono, n'kuizula. Firiji inanjenjemera komaliza, makapu analira, kenaka zii. Anaperekeza ngoloyo mpaka pakona, dzanja lili pamwamba pa firiji kuti isagwe m'mabampu, ndipo pobwerera anayenda pang'onopang'ono.

Masana amenewo, atakhala patebulo, Akondakitala anati, "Patseni shuga."

A Chidakali anadzidzimuka. "Mukukuwiranji?"

"Ndani akukuwa? Inu ndi amene mukukuwa."

Anayang'anana. Kwa zaka zonsezo ankalankhulana mopikisana ndi firiji, ndipo aliyense mumtima mwake ankaganiza kuti mnzakeyo wayamba kugontha. A Chidakali anali atafunsapo nesi mwamseri za mankhwala a makutu a amayi ake. Mayiwo anaulula kuti nawonso anafunsa zomwezo. Tsopano m'nyumbamo munkamveka zinthu zachilendo: mbalame padenga, mawilo a njinga mumsewu, ndi mkangano wa banja la nyumba yoyandikana nayo, mawu aliwonse bwinobwino. Akondakitala anasuntha mpando wawo kuuika pafupi ndi windo la mbali imeneyo.

Kuzolowera kunatenga nthawi. Sabata yoyamba a Chidakali ankati akadutsa pa firiji yatsopano mwendo unkanyamuka wokha, mpaka akazi awo anaikapo mpando kumanzere kwake. Ankadzuka m'mawa, kuzungulira nyumba ndi pulayazi m'manja, osapeza choti agwire. Anamanga mwendo wa tebulo umene sunali kugwedera. Anathira mafuta mahinji atsopano. Tsiku lina akazi awo anawapeza atagwada kumbuyo kwa sitovu yatsopano ndi sikuludiraiva.

"Mukutani?"

"Ndikungofuna kuona mmene anaipangira."

"Mukaitsegula, ndikwera minibasi."

Anabweza sikuluyo pamalo pake. Koma ali chogwada choncho anaona chinthu chimene sanachilabadire kusitolo. Chitseko cha uvuni chinali chagalasi, ndipo ukatembenuza choyatsira china m'katimo munkayaka nyale. Anayatsa, anazimitsa, anayatsanso.

"Kondakitala, muno mumaphikidwa chiyani?"

"Buledi, makeke, nkhuku. Zimene anthu ena akhala akudya zaka zonsezi."

"Buledi amavuta?"

Mayiwo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anaganiza za sikuludiraiva ija, ndipo anaona kuti ndi bwino manja amenewa apatsidwe chochita. Anawatuma ufa wa tirigu ndi yisiti. Anawaonetsa kakandidwe kake kamodzi kokha, ndipo zinapezeka kuti mikono imene inalimbana ndi chiwongolero cha basi yakale inali yoyenera ntchitoyo. A Chidakali anakanda mpaka tebulo linayamba kuyenda.

Buledi woyamba anatuluka wolimba moti mpeni unabwerera. Wachiwiri anaiwala mchere. Wachitatu adzukulu anapempha wina, ndipo kuyambira pamenepo panalibenso wowaletsa. Anayamba kukangana ndi wometa tsitsi za ubwino wa ufa wa m'masitolo osiyanasiyana. Nesi ankati akabwera ankabwerera ndi mikate iwiri yokulungidwa m'nsalu, wina wa iye ndi ana, wina wa mkamwini payekha, chifukwa a Chidakali ankati munthu ameneyo anavutika kwambiri m'nyumba muno.

Chimene sanasiye ndi kukhala pa kampando patsogolo pa uvuni nthawi yonse imene buledi ali m'kati, zigongono pa mawondo, nkhope ikuwala ndi nyale ija. Ankati dalaivala sachoka pampando galimoto ikuyenda.

"Bwerani mudzaone," anaitana tsiku lina. "Akukwera. Taonani mbali iyi, akudutsa chitini."

"Ndinamuonapo buledi, Adalaivala."

"Uyu simunamuone. Bwerani msanga."

Akondakitala anabwera akung'ung'udza, anakoka kampando kena, anakhala pambali pawo. Anayang'ana. Anavomereza kuti akukweradi. Anayamba kuwafotokozera amuna awo zimene anamva pawindo m'mawa umenewo, zoti mlamu wa mayi wa nyumba yoyandikana nayo wabwera ndi katundu wake yense ndipo sakunena tsiku lochoka. A Chidakali anafunsa kuti mlamu wake uti, wamtali uja kapena wa njinga yamoto. Nkhani inakoma, inalowa kwina, inatulukira ku ukwati wa munthu wina amene onse awiri anali atamuiwala dzina. Anadzidzimuka ndi fungo.

Buledi anapsa pansi pokha. Anapala ndi mpeni, anapaka majarini, n'kudya akadali wotentha, mayiwo akumalizitsa nkhani ya mlamu uja.